Ku Ghost Ranch, mitundu ya Georgia O'Keeffe ili m'matanthwe momwemo

Wophunzira zojambula akaona koyamba zithunzi za Georgia O'Keeffe, wojambula wotchuka wa ku America, za zitunda zofiira, zachikasu ndi zapepo za m'chigawo cha New Mexico m'dzikolo, amaganiza kuti mayiyu ankakokomeza mitundu. Ganizo limeneli limatha munthu akangofika ku Ghost Ranch, famu yaikulu ya m'chigawochi komwe iye ankakhala ndi kujambula. Mitunduyo ilidi m'nthaka, yosanjikizana mizeremizere. Luso la O'Keeffe linali pa kusankha choti achotse, ndipo phunziro loyenera ulendo wautali chonchi ndi limeneli.

Malowa ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 105 kuchokera ku mzinda wa Santa Fe, potsata msewu wa US 84 kudutsa mudzi wa Abiquiú. O'Keeffe anafikako koyamba mu 1934, nagula nyumba kumeneko mu 1940. Mu 1945 anagulanso nyumba ina yadothi ku Abiquiú, yomwe inali bwinja, ndipo mu 1949 anasamukira ku New Mexico kotheratu, mwamuna wake Alfred Stieglitz atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo. Alendo ambiri amasokoneza nyumba ziwirizi. Ya ku Abiquiú ndiyo imalandira alendo, koma polembetsa pasadakhale kudzera ku Georgia O'Keeffe Museum. Ya ku Ghost Ranch salowetsamo anthu. Famuyo, ya maekala 21,000, mwini wake Arthur Pack anaipereka ku mpingo wa Presbyterian mu 1955, choncho mlendo amayamba walembetsa ku ofesi asanalowe m'tinjira.

Musanatulutse pensulo, werengani thanthwelo kuyambira pansi. Zitunda zofewa za m'munsi, zofiira ngati katondo ndi mizere yapepo, ndi dothi ndi dongo za gulu lotchedwa Chinle, la zaka zoposa 200 miliyoni. Kufiirako ndi dzimbiri la chitsulo cha m'nthaka. M'dothi lomweli ndi momwe gulu la wasayansi Edwin Colbert linapeza mafupa ambirimbiri a kadinosaur (nyama yamakedzana yomwe inatha) ka Coelophysis mu 1947. Pamwamba pake pali khoma loongoka la Entrada, milu ya mchenga youluzika ndi mphepo yomwe inasanduka mwala, lofiirira kumunsi, loyera pakati, lachikasu kumtunda. Kenako chipewa chotuwa cha Todilto, miyala ya laimu ndi gypsum (mwala wofewa woyera) zotsalira madzi amchere ataphwa. Kudziwa izi kumasintha dzanja: Chinle imakokoloka ndi mvula nkukhala yobulungira ndi makwinya, n'chifukwa chake zitunda za O'Keeffe zimaoneka ngati thupi la munthu, pomwe Entrada imasweka moongoka. Wojambula zonse ziwiri ndi mzere wamtundu umodzi amangopha chithunzi chake.

Kumwera kuli Cerro Pedernal, phiri la nsonga yafulati lotalika mamita 3,006 kuchokera pamlingo wa nyanja, lomwe O'Keeffe analijambula maulendo oposa 20, ndipo phulusa la thupi lake linamwazidwa kumeneko atamwalira mu 1986. Imani poonekera phirilo muli ndi kope la chithunzi cha My Front Yard, Summer cha 1941. Mudzaona kuti phiri lenileni lili patali ndipo ndi laling'ono m'maso kusiyana ndi la pachinsalu. Iye analikokera pafupi.

Njira yophunzirira ndi yosavuta. Jambulani malo amodzi katatu ndi pensulo, mphindi zisanu ulendo uliwonse. Koyamba ikanimo zonse. Kachiwiri chotsani tchire, miyala ing'onoing'ono ndi mipanda. Kachitatu musapitirire zigawo zinayi: thambo, phiri, chitunda, nthaka yapafupi. Ambiri amakanika pachitatupa chifukwa amamvera chisoni mitengo ya juniper yomwe avutika nayo.

Nthawi ya tsiku ndi nkhani yaikulu. Masana dzuwa lili paliwombo, mithunzi imabisala ndipo zitunda zimasuluka, moti makwinya aja saoneka. Maola awiri dzuwa litangotuluka ndi awiri lisanalowe ndiwo opindulitsa. Mpweya ndi wouma kwambiri, penti wamadzi amauma burashi isanamalize mzere, n'kusiya zipsera pathambo. Nyowetsani pepala lonse kaye, sakanizani penti wokwanira musanayambe, ndipo pepala likhale laling'ono, lomata ndi tepi pathabwa chifukwa cha mphepo. Penti wamafuta amakola mchenga. O'Keeffe ankathana nazo pojambulira m'galimoto yake ya Ford Model A, chinsalu atachitsamiritsa kumpando wakumbuyo.

Thupi nalo lili ndi zake. Malowa ndi okwera mamita pafupifupi 2,000 kuchokera pamlingo wa nyanja, ndiye wochokera kumalo otsika amapuma wefuwefu pokwera kanjira ka Chimney Rock, makilomita pafupifupi 5 kupita ndi kubwerera. Thukuta limauma musanalione, ludzu n'kubwera mochedwa. Nyamulani malita anayi a madzi pa munthu pa tsiku, chipewa ndi nsapato zotseka chifukwa kuli njoka za rattlesnake. Mu Julaye ndi Ogasiti mabingu amayamba chakumasana. Khwawa louma limatha kudzaza mwadzidzidzi ngakhale mvula yagwera kutali, ndipo dongo likanyowa limaterera ngati makande, kumata nsapato ndi matayala. Mukaona mitambo ikuunjikana, tsikani pachitunda.

Plaza Blanca, dera la matanthwe oyera lomwe O'Keeffe ankalijambulanso n'kumalitcha White Place, lili pafupi ndi Abiquiú pamalo a bungwe lachisilamu la Dar al Islam, choncho pemphani chilolezo kaye. Black Place, mbali ina ya zitunda zakuda ndi zotuwa yomwe ankaijambula, ili kutali, makilomita pafupifupi 240 chakumadzulo, siyokwana pa ulendo wa tsiku lomwelo.

Chinthu china chimene O'Keeffe anachotsa ndi anthu. M'zithunzi zake za kuderali simupezamo munthu, komatu chigwa cha mtsinje wa Chama ndi dziko la makolo a anthu a Tewa, mtundu wa eni nthaka a ku America, omwe Pedernal amalitcha Tsi Ping, ndipo mwala wolimba wa m'phirilo anthu akhala akusemera mipeni ndi mivi kwa zaka masauzande. Mukapeza tizidutswa ta mwalawo kapena mapale panjira, jambulani m'kope lanu, muwasiye pomwepo.