Mmene ndinakonzera magetsi ndi mageji a Roadster yanga

Usiku wina mu June ndinkatsika phiri kuchokera ku Chawe, nkhungu itakuta msewu moti magetsi ankangothera pamphuno pa galimoto. Nditaponya maso pa dashibodi ndinapeza theka la geji ya liwiro lili bii. Manambala ochepa okha ndiwo ankaoneka, nawonso mwachizimezime. Amene munatsikapo msewu umenewu mukudziwa mmene umakhotera, ndipo pamakhala anyamata otsika ndi nkhuni panjinga. Si malo oyendera mongoganizira. Ndinafika kunyumba ku Matawale nditatsimikiza kuti Loweruka ndiitsegula.

Galimotoyo ndi Mazda Roadster ya 1999, ija kunja kwa Japan amaitcha MX-5, ya mipando iwiri ndi denga lopinda. Inatsikira pa Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndipo geji yake ya liwiro imathera pa 180 ngati magalimoto ambiri opangidwira msika wa ku Japan. Ndimaikonda kwambiri, ndipo sindifuna kuti iziwoneka ngati yatha chifukwa cha timababu totchipa.

Poyamba ndinamasula batire. Pa galimoto iyi batire silikhala kuboneti, lili m'buti. Ndinachotsa waya wa negetivi ndi sipanala ya 10 n'kudikira mphindi zingapo, chifukwa manja anga amayenera kugwira ntchito pafupi ndi chiwongolero chomwe chili ndi airbag. Kenako ndinamasula pulasitiki yokuta khosi la chiwongolero kuti ndipeze mpata. Chisoti chophimba mageji chimagwidwa ndi timakilipi, chimafuna kuchikokera kwa inu mwamphamvu koma mowongoka. Pulasitiki yazaka zoposa 20 imakhala yosachedwa kuthetheka, choncho sindinaikhudze m'mawa kukuzizira. Ndinaimika galimoto padzuwa mpaka masana kuti ifewe kaye. Chisoticho chitachoka, panatsala masikuluwu anayi ndi mapulagi akumbuyo. Mwayi wake, mtundu uwu ulibe chingwe cha liwiro chochokera ku giyabokosi monga Roadster zoyamba za 1989 mpaka 1997. Apa zonse zimayenda pa waya.

Ndinaika bokosi la mageji pa thebulo, pansi nditayala chitenje kuti galasi lisakalike. Kumbuyo kuli timitu tamababu tomwe umangopotoza pang'ono n'kusolola. Akuluakulu ndiwo amaunikira manambala, ang'onoang'ono ndi a machenjezo. Awiri mwa akuluwo anali atapsa, magalasi ake atada ngati mphika wapamoto. Wogulitsa aliyense adzakufunsani ngati mukufuna babu la saizi ya T10 kapena T5, ndipo njira yosavuta ndi kunyamula babu lakale m'thumba n'kukamuonetsa.

Apa ndi pomwe ndinalakwitsa koyamba. Ndinagula mababu a LED a buluu, chifukwa ndinkaona anzanga atawaika ndipo pa chithunzi amakongola. Nditayatsa usiku, chigawo chofiira cha geji ya ma rev (yoonetsa kuzungulira kwa injini) chinasanduka chakuda, timivi natonso tinazimirira. Chifukwa chake n'chakuti utoto wofiira umadutsitsa kuwala kofiira kokha, ndipo m'babu la buluu kuwala koteroko mulibe. Komanso buluu usiku amatopetsa maso, manambala amaoneka ngati akuyandama. Ndinatsegulanso zonse n'kuika oyera, osati oyera obaya m'maso aja, koma opita kuchikasu pang'ono. Ndinasankha omwe amamwaza kuwala m'mbali, chifukwa oloza kutsogolo kokha amasiya kadontho kowala pakati pomwe kwina kuli mdima.

LED ili ndi khalidwe lina lomwe babu lakale lilibe: ambiri amayaka pokhapokha pozitivi ndi negetivi zili m'malo mwake. Likakana kuyaka musathamangire kunena kuti n'lakufa. Lizuleni, litembenuzeni, libwezereni. Chifukwa cha ichi ndinalumikiza mapulagi ndi batire n'kuyesa bokosilo lili pamiyendo, ndisanamange sikuluwu ngakhale imodzi.

Mababu a machenjezo sindinawasinthe. Pa magalimoto ambiri akale babu la chizindikiro cha batire limathandiza alternator kuyamba kutchaja, ndipo LED imakoka magetsi ochepa kwambiri moti ikhoza kusokoneza. Sindinafune kuyesa mwayi pa chinthu chomwe chinkagwira bwino ntchito. Ndinangotembenuza kiyi n'kuona kuti onse akuyaka: babu la oyilo kulibe pa galimoto iyi, koma la batire, la mabuleki ndi la airbag anayaka n'kuzima pa nthawi yake. Timivi sindinatizule. Kamuvi ukakachotsa osalemba pomwe kanali, geji ya mafuta imayamba kukunamiza, ndipo umadzazindikira utaima pa Namadzi thanki ili gwaa.

Nkhani ya kunama kwa geji ndiyo inanditengera ku ntchito yachiwiri, yomwe kwa ine ndi yaikulu kuposa mtundu wa magetsi. Roadster ili ndi geji ya mphamvu ya oyilo, koma pa mtundu wangawu kamuvi kake kamakwera n'kuima malo amodzi, kaya injini ndi yozizira, kaya yatentha, kaya mwaponda moto. Zoyamba zija zinali ndi sensa yeniyeni, koma m'ma 1990 momwemo Mazda inasintha n'kuika kaswitchi kongonena kuti mphamvu ilipo kapena palibe. Kwa munthu wokwera phiri la Zomba pa giya yachiwiri injini ikulira, "ilipo" sikokwanira. Ndinkafuna nambala.

Ndinagula geji yamagetsi ya mamilimita 52 yokhala ndi sensa yake. Ija yolowetsa kapaipi ka oyilo mkati mwa galimoto ndinaikana, chifukwa kapaipiko kakaphulika oyilo wotentha amathira pamiyendo. Malo oikapo sanavute: mabowo ozungulira otulutsira mphepo pakati pa dashibodi amalandira geji ya saizi imeneyi ndi kamphete kogwirizira, choncho sindinaboole kalikonse. Ndinataya bowo limodzi la mphepo, koma denga likakhala lotsegula sindilisowa.

Sensa ndinapita nayo kwa bambo wina wokonza za magetsi a galimoto ku Chinamwali, chifukwa malo ake ali pambali pa injini pafupi ndi fyuluta ya oyilo, povuta kufika dzanja. Ndinali nditayamba kale kuipotozera ndekha kunyumba n'kumva kuti ikulimba msanga. Iwo ataigwira anaiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Achimwene, mukanaikakamiza iyi mukanalira. Mazinga ake si amodzi."

"Koma zonse zalembedwa 1/8, bambo."

"Ya injiniyi ndi BSPT, yanuyi ndi NPT. Zimalowa kawiri katatu kenako zimadyana. Pezani kolumikizira."

Kachitsulo kameneko ndinakapeza ku Limbe patatha sabata. Pomanga anapaka mankhwala otsekera pang'ono chabe, nati sensa zina zimatengera ethi pa mazinga omwewo, ndiye ukakulunga tepi yambiri geji imawerenga zabodza. Waya tinaudutsa pa mphira yomwe ilipo kale pakhoma la pakati pa injini ndi mkati, kutali ndi ekizozi. Moto wa geji tinautenga pa fyuzi yoyaka ndi kiyi, ndipo waya wa kuwala kwake tinaulumikiza ku mzere wa magetsi a paki kuti iziyaka limodzi ndi anzake. Palibe pomwe tinangopota mawaya ndi mano n'kukulunga tepi yakuda. Ponse tinawotcherera n'kuveka kachubu kofota ndi moto, chifukwa mabampu a m'misewu yathu amamasula chilichonse chopotedwa.

Magetsi a kumapazi ndinawaika ndekha, ndipo anandiphunzitsa za kuchuluka. Ndinamata timizere tiwiri ta LED pansi pa dashibodi, kamodzi mbali iliyonse, pa fyuzi yawoyawo ya ma amp 2. Pabwalo zinaoneka bwino kwambiri. Nditalowa mu M3 kulowera ku Thondwe, kuwalako kunabwerera pa magalasi am'mbali ndipo maso anga anasiya kuona bwino m'mphepete mwa msewu, momwe mumayenda anthu ndi akabaza opanda nyali. Ndinaima pambali n'kuzula fyuziyo pomwepo. Mawa lake ndinadula timizereto n'kusiya theka, ndinatilozetsa pansi pa kapeti, ndipo ndinatisamutsira ku waya wa chitseko. Tsopano timayaka ndikatsegula kuti ndione pomwe ndagwetsa kiyi, ndikatseka timazima. Nditamaliza ndinayeza ndi mita kuti ndione ngati pali chomwe chikumwa batire galimoto ili chozima, ndipo panalibe.

Lamlungu lotsatira ndinadzuka m'mamawa kukwera phiri. Injini ili yozizira kamuvi katsopanoko kanafika pafupi ndi ma bar 5 (bar ndi muyeso wa mphamvu ya oyiloyo). Ndikudutsa m'makhota a m'nkhalango ya paini kankakwera ndi kutsika motsatira phazi langa, chinthu chomwe geji yakale sinachitepo. Nditaima pa damu la Mulunguzi injini itatentha, kanatsika n'kukhazikika pansi pang'ono pa 2. Ndinalemba manambala awiriwo m'kabuku komwe ndimasunga m'galimoto, pamodzi ndi tsiku ndi mtundu wa oyilo, kuti ndidzayerekeze ndikadzasintha oyilo ulendo wina.