Chisoti sichinandivute, chinandiliza ndi kavesiti

Aliyense akaona zithunzi zanga za ku Comic Con, nditavala zida za Mandalorian wa mu Star Wars, amathamangira kufunsa za chisoti, ati aise unachigula kuti chimenechi, ndalama zingati. Sindinagule ayi. Ndinapanga ndekha pa tebulo lomwe timadyerapo nsima, ndipo kunena zoona chisoticho sichinandisowetse tulo. Chinandiliza ndi kavesiti ka nsalu komwe palibe amakaona nkomwe poti kamabisala kuseri kwa mapuleti. Nde ndati ndifotokoze mmene zinayendera, mwina wina akufuna kuyamba asagwe m'maenje momwe ndinagwamo ine.

Ine ndimakhala ku Joni, ntchito yanga ndi ya mashifiti, nde pamakhala masiku oti uli pa den zochita palibe. Ndinali nditaonera The Mandalorian, sewero la pa TV la Star Wars lija linayamba 2019, kenako mnzanga wina anandikokera ku Comic Con Africa, chionetsero chomwe anthu amavala ngati anthu a m'mafilimu, chinayamba 2018 ku Kyalami ndipo nthawi imeneyo chinkachitika cha mu September. Kumeneko ndinaona munthu atavala zida zonse kuyambira kumutu mpaka kumapazi, zikuoneka ngati chitsulo chenicheni chodzimbiri. Ndinamupempha kuti ndigwireko paphewa. Man, chinthu chija chinali chofewa, chopepuka ngati patapata. Amvekere ndi EVA foam, mateti omwe aja amayala pansi mu jimu. Basi matenda anandigwira pompo.

Poyamba ndinkafuna stormtrooper, msilikali woyera uja wa mu Star Wars. Koma uja ndi pulasitiki yolimba youmbidwa pa makina, umayenera kugula seti yonse, ndipo a 501st Legion, gulu la ovala zovala za Star Wars lomwe linayamba 1997 ku America, amafuna chilichonse chifanane ndendende ndi cha mufilimu. Mandalorian ubwino wake umasankha wekha mitundu. Kuli gulu lina lotchedwa Mandalorian Mercs, la 2007, lomwe aliyense amapanga munthu wakewake, ngakhale naonso ali ndi malamulo awo ndipo ambiri kumeneko amagwiritsa ntchito bolodi la PVC lotchedwa Sintra, lija amalembapo zikwangwani. Ine zolembetsa gulu sindinali nazo ntchito, ndimangofuna kutchena tsiku limodzi. Ndinasankha wofiira ndi timizere toyera, mnzanga wa Noma ataona amvekere wapanga Mandalorian wa Bullets, kkkk asiyeni.

Choyamba ndi kuyeza thupi lako, ndipo apa osachita ulesi. Ndinavala tisheti yakutha, msuweni wanga anandikulunga pulasitiki yokutira zakudya ija pachifuwa ponse mpaka m'chiuno, pamwamba pake nkumata tepi yasiliva kuzungulira kawiri. Umakhala ngati thumba la makala lomangidwa, kupuma movutikira, nde muuzeni wokuthandizaniyo asakokere kwambiri. Adakali pathupi pomwepo anajambula ndi maka pomwe padutse mapuleti: awiri a pachifuwa, kadayamondi ka pakati, la pamimba, la pakhosi. Kenako anadula ndi sizasi kumsana nkundivula chigobacho. Ndinadula zidutswazo, nkuziyala pa makatoni a cornflakes, ndiye mapatani anga amenewo. Mbali imodzi yokha ndiyokwanira, inayo umangotembenuza patani.

Chisoti ndiye sungachite choncho. Ndinatenga mapatani pa intaneti, opangidwa ndi Pepakura, kapulogalamu ka ku Japan komwe kamatambasula chinthu cha 3D kukhala zidutswa za pepala. Apa ndinalakwitsa koyamba. Pa cafe pomwe ndinakapulinta makina anachepetsa mapeji kuti akwane bwino pa A4, ine osadziwa, ndinadula, kumata, madzulo atatu athunthu, nditati ndivale chinangofika pamakutu nkukana. Panopa amasewera nacho mwana wa msuweni. Mutu wanga ndi 58 cm kuzungulira, ndipo mkati muyenera kutsala malo a siponji ndi mphuno. Ukapulinta, tenga lula uyeze kaye pepala limodzi usanagwire mpeni.

Foam ndinagula ya mitundu iwiri, mateti a 10 mm a mapuleti ndi chisoti, ndi yopyapyala ya 2 mm ya tokongoletsa. Mateti aja mbali ina ali ndi tizidindo, imeneyo ipite mkati. Mpeni wa stanley umabuntha msanga zedi pa foam, ukangodula kangapo wayamba kale kung'amba m'malo modula ndipo m'mphepete mumatuluka manyanyenyanye ngati mwaluma khoswe. Ndinaphunzira kumanola pafupipafupi. Pomwe zidutswa zikumane mopanga kona, umapendeketsa mpeni cha pa madigiri 45, zikatero zikakumana mzere wake umatuluka wakuthwa bwino.

Guluu wake ndi contact, yemwe uja amamatira nsapato a shumeka. Umapaka mbali zonse ziwiri mopyapyala, nkudikira mphindi zingapo mpaka asiye kunyezimira, ukakhudza azingonanda pang'ono osatsalira kuchala, ndiye nkuphatikiza pang'onopang'ono kuyambira kunsonga. Zikagwirana zagwirana, palibe zoti ndisunthe pang'ono. Koma fungo lake abale! Tsiku loyamba ndinatseka mawindo poti kunali kozizira, June wa ku Joni mukumudziwa, pofika ma 10 mutu waa, chizungulire, msuweni anachita kunditulutsa panja. Kuyambira pamenepo ndimamatira pakhonde nditavala masiki. Kupinda foam umaiwotcha ndi heat gun mpaka ifewe, nkuikanikiza pa bondo kapena pa mbale, kuigwira choncho mpaka izizire. Mapuleti a mapewa ndinaumbira pa mpira wa mwana. Kutenthako kumatsekanso timabowo ta pamwamba, umaona ikusintha nkumawala pang'ono.

Penti ndiye gawo lokoma. Foam imamwa penti ngati dothi la October, nde umayamba waitseka. Ndinapaka guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi kanayi, kudikira aume pakati. Pa chisoti zinayenda bwino koma pa zapamikono, pomwe pamapindika, anasweka tim'ng'alu, kumeneko ndinachita kugula Plasti Dip yemwe amauma ngati mphira. Kenako wakuda, kenako wasiliva thupi lonse. Tsono dilu ili apa: usanapope wofiira, tenga kogeti upake m'makona, m'mphepete ndi pena paliponse pomwe chitsulo chingakhulike pa nkhondo. Popa wofiira pamwamba, akauma pukuta kogeti uja ndi kansalu konyowa, siliva wa pansi amatulukira ngati penti yachita kusupuka yokha. Nditapukuta puleti loyamba ndinakuwa ndekha m'nyumba. Pomaliza ndinapaka penti ya bulawuni yamadzimadzi nkupukuta msanga kuti litsiro litsalire m'mizere. Galasi la kumaso, lija looneka ngati T, ndinadula ku chotchinga nkhope chakuda cha anthu a glayinda.

Pofika apa ndinkadziona udolo. Ndinagula ovolosi ya gileyi, ndinatenga velcro nkumata ndi glue gun pa ovolosiyo, mbali inayo pa mapuleti, nkuvala. Pagalasi ndinali shasha. Nditangoti ndikhale pa mpando, puleti la pamimba linakwera kudzagunda a pachifuwa, limodzi linagwa pansi, linalo linalendewera ngati khutu la galu, ovolosi yonse ikukokekera kutsogolo. Miyezi itatu ya ntchito, ndipo kwatsala masabata asanu.

Pafupi ndi pomwe ndimakhala pali mayi ena a kwathu, a ku Mulanje, ndi telala, amasoka pakhonde la shopu ina. Ndinanyamula zonse mu chikwama cha shangani nkupita nazo mwamanyazi. Anatulutsa puleti limodzi, kulitembenuza, kulinunkhiza, kenako anakoka ovolosi ija uku ndi uku. Amvekere, "Achimwene, mwapachika katundu pa nsalu yoyenda. Iyi mukapinda msana imatsatira, nanga zanuzi zitsatira bwanji? Pakufunika china cholimba chogwira thupi, izi zikhale pamenepo." Ndimvekere mayi ndisokereni ndilipira. Anakana. Ati maoda a ukwati andithina, koma makina achiwiri awo ali apowo, muzibwera madzulo muzisoka nokha ine ndizikuyang'anirani.

Ine chibadwire ndinali ndisanapalaseko makina. Anali a Singer akale opalasa ndi phazi, ndipo madzulo awiri oyamba sanandipatse nsalu ayi, ndinkasoka pepala lopanda ulusi kutsatira mizere yomwe anajambula, makina akangobwerera m'mbuyo iwo amvekere "phazi, achimwene, phazi." Nsalu anandituma ya kanivasi, yokhuthala ngati ya tenti, mamita awiri, ndipo anandiuza ndiichape kaye iume chifukwa ya thonje imafupika ikalawa madzi koyamba. Patani tinatengera pa shati yanga yondithina, kuchotsa manja, nkuonjezera 1.5 cm kuzungulira konse ya msoko. Chomwe sindikanaganiza ndekha ndi kukhwapa: anakulitsa bowo la mkono kutsika pansi ndithu, ati mukakweza dzanja vesiti isamakwere nanu. Analifupikitsanso kuti lithere pa mchombo, ndipo puleti la pamimba analisiyira mpata wa zala ziwiri kuchoka pa a pachifuwa kuti ndikakhala pansi zisagundane. Nsalu ziwiri kuphatikiza, zipi kumbali pansi pa mkono wamanzere osati kumsana, kuti ndizitha kuvala popanda wondithandiza.

Singano ndinathyola zitatu. Yoyamba inali yaing'ono, kanivasi amafuna nambala 16 ya majinzi ndi ulusi wolimba. Ziwiri zinazo inali velcro yanga ija yokhala ndi zomatira kumbuyo, guluu wake amakakamira ku singano, ulusi nkumaduka, pansi nkupanga chisa cha mbalame. Mayi aja anangoitenga nkuponya mu bini, "kaguleni yosoka, yopanda phula." Velcro umasoka kuzungulira bokosi kenako X pakati. Yofewa ipite pa vesiti, yokanda pa mapuleti, ukatembenuza ndiye kuti pochapa vesiti izikola chilichonse. Ndipo kumbuyo kwa foam velcro umamata ndi contact utakhula kaye ndi sandipepala, glue gun ija ikamva kutentha kwa thupi ndi dzuwa imalekerera.

Za mapewa sitinamate pa vesiti mwachindunji, tinasokerera timalamba ta lasitiki tifupitifupi kuti puleti lizitha kusuntha ndikatukula mkono. Za m'mawondo lasitiki wamkulu kuzungulira kuseri kwa bondo, za pa ntchafu zinalendewera ku lamba wa m'chiuno apo ayi zimatsetsereka ukayenda masitepe khumi. Kansalu kobisa khosi ndinasoka ndekha osathandizidwa, timizere tambirimbiri totalikirana 1 cm, kokhotakhota koma poti kali pansi pa chisoti ndani akuona. Chofunda cha kumsana ndi bulangeti la ku madunusa, kaunjika wa kuno, ndinalidula nkulikhula pa simenti kuti lioneke lovutika.

Kutatsala masiku atatu ndinavala zonse nkuzungulira yadi kwa ola lathunthu, kukhala, kuwerama, kukwera masitepe. Izi chitani ndithu. Ndipomwe ndinazindikira kuti galasi limachita nthunzi pakangotha mphindi zisanu osaonanso kanthu, nde ndinaika kafani ka kompyuta ka 5V mkati cha kumasaya, nthambo nkudutsa m'khosi kupita ku power bank m'thumba. Ndipomwenso ndinazindikira kuti lamba ndi mapuleti a m'chiuno zatseka zipi ya ovolosi, kutanthauza kuti kupita kokataya madzi ndi kuvula theka la zida. Mayi aja anaseka mpaka misozi, nkundiikira zipi ya mitu iwiri yotsegukanso kuchokera pansi.

Tsikulo ndinakwera takisi nditavala ovolosi ndi vesiti basi, mapuleti ali mu shangani, chisoti pamiyendo, agogo ena pambali panga akungochiyang'ana osayankhula. Ndinavalira pa geti. Maola asanu ndi awiri ndili m'menemo, thukuta kuchita kutsikira mu jombo, ana kundikoka chofunda, anthu kupempha zithunzi, ndipo palibe puleti lomwe linagwa kupatula la bondo lamanja lomwe linkazungulira kumbali ndikumalibweza.

Lolemba lake ndinapita kwa mayi aja ndi botolo la Fanta ndi foni kuti ndiwaonetse zithunzi. Chisoti sanachiyang'ane nkomwe. Anakulitsa chithunzi ndi zala mpaka kukhwapa kwamanzere, pomwe kanivasi amaonekera pang'ono pakati pa mapuleti, amvekere, "Apa ulusi wakoka, munathamanga. Mubwere nayo Lachitatu mudzasule."