Musaitole nkhono yokongolayi

Abale anga, pali nkhono ina ya m'nyanja yamchere yotchedwa Conus geographus, ndipo nkhani yake yandisowetsa mtendere. Imakhala m'madzi osaya, m'miyala ya m'mphepete mwa nyanja za Indian ndi Pacific. Chigoba chake n'cha mawangamawanga ofiirira ndi oyera ngati mapu, chokongola moti mwana akangochiona dzanja lafika kale.

Komatu imabaya ndi kadzino konga muvi, ndipo ululu wake wapha anthu ndithu. Mankhwala othetsa ululuwo kulibe. Usiku ikamasaka imatulutsa m'madzi insulin, mankhwala otsitsa shuga m'magazi, tinsomba n'kufooka, iyo n'kutimeza tathunthu.

Inu amene mumapita ndi ana ku Zanzibar kapena ku Pemba, chonde muwauze asamatole chigoba chotere ngakhale chioneke ngati mulibe kanthu mkati.