Ndinalembetsa ndekha mayeso olowera ku yunivesite, pa foni

Anzanga amene mwamaliza 12ª classe, Facebook ndi WhatsApp tonse timazitha, koma pa nkhani yolembetsa mayeso a yunivesite mpamene zimaoneka ngati foniyo mumaidziwadi. Ine ndimafuna za ulimi ku UniZambeze, sukulu yake ili konkuno ku Ulongué, komabe zonse zinayambira pa intaneti.

Choyamba ndinatsitsa edital, chikalata chija cha PDF cholengeza malamulo a mayesowo, nkuwerenga chonse. Chipwitikizi chake ncholemera ndithu ndiye ndinkawerenga pang'onopang'ono ndili ndi kope pambali, kulemba masiku otsekera, maphunziro oti ndidzalembe komanso ndalama zake. Adiresi yolembetserapo ndinaitenga momwemo. Ma linki oyendayenda m'magulupu a WhatsApp ayi, ena amangofuna kukudyerani ndalama.

Kenako imelo, apa mpamene ambiri amakakamira. Gmail yawo anawatsegulira ndi amene anawagulitsa foni ndiye pasiwedi saidziwa, tsiku lofunika ayamba kuthamangathamanga kusaka munthuyo kumsika. Ine ndinatsegula yanga, pasiwedi nkuilemba m'kope lija. BI (chiphaso) ndi NUIT (nambala ya msonkho) ndinaziika patebulo, dzina ndinalemba chilembo ndi chilembo monga lilili pa BI, chifukwa kuno ena pa chiphaso analembedwa Phiri ena Piri ena Fili, ndipo pa tsiku la mayeso amayang'ana chiphasocho osati mmene amakutchulirani kwanu. Zimandipweteka kuona mnzanga akulipira munthu kuti amudzazire, munthuyo ali ndi mzere wa anthu kumbuyo, angasamale bwanji dzina lako?

Ma mega ndinagula okwanira ndi e-Mola, nkudikira usiku netiweki ikapepuka. Amene muli kufupi ndi malire cha ku Calómuè onetsetsani kuti foni sinakoke netiweki ya ku Malawi.

Nditamaliza kudzaza panatuluka entidade ndi referência, manambala olipirira. Ndinajambula skrini, ndinakalipira ku banki, risiti nayo ndinaijambula nkudzitumizira pa imelo, kuti foni ikagwa m'madzi umboni usapite nayo. Musathere pomwepo chonde. Patapita masiku ndinalowanso kukaona ngati malipiro atsimikizidwa, kenako mayeso atayandikira ndinalowanso kuona malo ndi chipinda cholembera, ndipo pepalalo ndinakalisindikiza kuti ndipite nalo pamodzi ndi BI.