Knee, ligament, sprain: zomwe ndatolapo sabata ino

Sabata ino ndakhala pa mawu a Chingerezi a mawondo ndi malo olumikizira mafupa, ndiye ndati ndilembeko mwina wina zimuthandiza. Mayina enieniwo savuta, knee ndi bondo, elbow chigongono, ankle kakolo, shoulder phewa, izi tinamaliza ku pulayimale. K wa knee uja satchulidwa, timangoti nii, chimodzimodzi kneel, knuckle ndi knock. Kale Angerezi ankamutchula ndithu, anayamba kumusiya cha m'ma 1600, koma Ajeremani mpaka lero akamati Knie k amamveka.

Ntchito ili mkati mwa bondomo. Ife chilichonse chonga chingwe m'thupi timangoti mtsempha basi, koma Chingerezi chimasiyanitsa, ligament imamanga fupa ndi fupa linzake pomwe tendon imamanga mnofu ku fupa. Ndiye kuvulala kwakenso mayina ndi awiri, ukapweteka ligament ndi sprain, ukapweteka mnofu kapena tendon ndi strain, kusiyana chilembo chimodzi chokha koma dokotala amamva zinthu ziwiri zosiyana. Kwathu zonsezi ndi "ndabinya", mwendo watupa, tithowe ndi madzi otentha, nkhani yatha.

Kunena zoona buku silinandithandize kwenikweni, zandilowa m'mutu chifukwa cha mpira. Amene mumatsatira Premier League mukukumbukira Virgil van Dijk mu Okutobala 2020 atawombana ndi Jordan Pickford pa gemu ya Liverpool ndi Everton, season yonse yotsalayo sanasewerenso, Rodri nayenso zinamuonekera mu Seputembala 2024 akusewera ndi Arsenal, ndipo paliponse ankangolemba ACL, ACL. ACL ndi chidule cha anterior cruciate ligament. Cruciate amachokera ku mawu a Chilatini otanthauza mtanda, chifukwa mkati mwa bondo muli ma ligament awiri opingasana ngati X, ndipo lakutsogololo, ACL ija, ndi lomwe limagwira fupa la msongolo kuti lisaterereke kupita kutsogolo. Likaduka bondo limagwedera, munthu kuyenda amayenda koma akati atembenuke mwachangu mwendo umamukana. Palinso meniscus, kachicherewecherewe kokhala pakati pa mafupa awiriwo kuti asamakhulane, bondo lililonse lili ndi tiwiri. Kafupa kapamwamba kaja komwe kamasuntha ukakagwira mwendo uli chiwongolere ndi kneecap, a chipatala amati patella.

Koma chomwe ndaona kuti ndi chofunika kuposa zonsezi ndi mawu oyenda limodzi ndi knee. Kungodziwa dzina sikukufikitsa patali ukakhala pamaso pa dokotala wosamva Chichewa, kaya ku Joni kaya ku UK, iwe nkumangobwereza pain, pain. Iye akufuna amve ngati bondolo lili swollen, kutupa, kapena stiff, kuuma makamaka mmawa podzuka ngati agogo a nyamakazi, kapena it locks, kukanirira osafuna kuwongoka, kapena it gave way, kuja umangoona wagwa mwendo utafooka wokha osapunthwa. Lililonse mwa mawu amenewa limamulozera vuto lina. Ine ndaleka kuloweza mndandanda wa ziwalo, ndikulemba ziganizo zathunthu mu kope.

Joint ndiye mawu osakhazikika aise. M'thupi ndi polumikizana mafupa, ku banki joint account ndi akaunti ya anthu awiri, ena akati joint akunena malo odyera kapena omwera, enanso ndudu ya chamba, ndiye muzimvetsera kaye nkhani ili pati musanayankhe. Knee-jerk reaction ndi kuchita chinthu usanaganize, kuchokera ku kanyundo kaja dokotala amagogoda nako pansi pa kneecap mwendo nkudzidzimuka wokha. Take the knee yandisangalatsa chifukwa kwa ife kugwada ndi ulemu kwa akulu, pomwe Colin Kaepernick, wosewera American football wa timu ya San Francisco 49ers, mu 2016 ankagwada bondo limodzi nyimbo ya fuko ikuimbidwa posonyeza kukwiya ndi nkhanza za apolisi kwa anthu akuda ku America.

Sabata yamawa ndili pa hip ndi waist, poti ife zonse timati chiuno. Waist ndi pomwe pamadutsa lamba, hip ndi m'mbalimu pomwe mutu wa fupa la ntchafu umalowa, ndipo ndi pamenepa pomwe okalamba ambiri amathyoka akagwa mpaka kuwaika chitsulo.