Lachiwiri mu situdiyo ku Avondale, Harare: nyimbo ya pa chitseko

Lero tagwira nyimbo imodzi yokha, 3M2, yachiwiri m'gawo lachitatu la filimu. Ndi ya mphindi 2 ndi masekondi 40. Pachithunzipo mayi wina, injiniya, akuyenda yekha m'kanjira ka m'chombo cha m'mlengalenga. Mpweya ukutha, anzake sakuyankha pa wailesi, ndipo kutsogoloko kuli chitseko choti chikatseguka chokha. Wotsogolera filimu akufuna woonera akhale mtima uli m'mwamba kuyambira pa fulemu yoyamba, kachithunzi koyamba ka kanemayo.

Oimba anali 12: mavayolini oyamba 4, achiwiri 3, maviyola 2, machelo 2 ndi besi yaikulu imodzi. Malipenga ndi ng'oma zazikulu zichokera pakompyuta, poti thumba la filimuyi silingakwanitse gulu la anthu 40. Si chodandaulitsa. Bernard Herrmann anaopseza dziko lonse mu filimu ya Psycho, 1960, ndi zida zansambo zokhazokha.

M'mawa oimba asanafike tinayamba ndi kuona liwiro la kanema. Fayilo imene inabwera inali ya mafulemu 23.976 pa sekondi, pomwe nyimbo inalembedwa pa 24. Kusiyanako ndi gawo limodzi mwa 1,000, kooneka ngati kopanda pake, koma pakutha masekondi 160 nyimbo imakhala itataya chithunzi ndi mafulemu pafupifupi 4. M'filimu yachikondi palibe angadziwe. Pano, pamene zonse zadalira chitseko, aliyense amva kuti chinachake chalakwika ngakhale sangachitchule. Tinaitanitsa fayilo ya 24, n'kutsimikiza kuti kaphokoso ka 1 kHz kamene kamaikidwa masekondi awiri chithunzi chisanayambe kagwera pamalo pake. Mawu onse pa 48 kHz, 24 bit.

Liwiro la nyimbo ndi 90 pa mphindi, ndipo sanangolisankha. Pa mafulemu 24, kugunda kumodzi kumadya mafulemu 16 ndendende, popanda zotsalira. Chitseko chimatseguka pa sekondi ya 112, ndiye kuti kugunda 168, ma bar 42 athunthu a 4/4 (bar iliyonse ndi kugunda kunayi), chitsekocho n'kugwera pamutu pa bar 43. Wongoyamba kumene ntchitoyi angaike chiphokoso pamenepo. Wopeka wathu sanatero. Nyimbo yonse imaduka kutatsala kugunda kuwiri, mafulemu 32, sekondi imodzi ndi kachidutswa, ndipo chitseko chimatseguka kuli zii, kukungomveka kupuma kwa mayiyo. Chiphokoso chimadzidzimutsa kamodzi basi, munthu n'kuseka. Kuduka kumeneku kumamusiya ali pendapenda, akudikira chimene sichikubwera.

Zofika nazo pa bar 42 zili motere. Machelo akubwereza kanyimbo ka manotsi 7, pomwe bar imodzi imalowa manotsi otere 8. Choncho mutu wa kanyimboko umasuntha bar iliyonse, ndipo subwerera pamalo pake mpaka patatha ma bar 7. Khutu limamva kuti chinthu chikubwerezedwa koma silipeza popondera. Mavayolini achiwiri agwira D, E flat ndi E pamodzi, manotsi oyandikana kwambiri moti amakandana, akunjenjemeretsa uta woimbira pafupi ndi kamlatho, kathabwa kamene nsambo zimatsamirapo. Pamenepo mawu amatuluka opyapyala, azitsulo. Uta ukasendera kwambiri n'kukwera pakamlatho notsi imasowa, kumangotsala fwiii, ndiye mtunda wabwino ndi wa chala chimodzi.

Kuyambira bar 27, mavayolini oyamba ndi maviyola amakwera motsetsereka, motalikirana octave imodzi (notsi yomweyo, ina pamwamba ina pansi), kwa ma bar 8. Apamwamba akamafika kumapeto amazimiririka, apansi akulowa mwakachetechete, kenaka n'kuyambanso. Ndi chinyengo cha khutu chimene Roger Shepard anafotokoza mu 1964: mawu amamveka ngati akungokwera osafika. Chimaonongeka ngati mmodzi yekha alowa mokweza, chifukwa msoko umaonekera. Apa ndiye panatidyera nthawi, ndipo chinathandiza n'chakuti maviyola ayambe kuyendetsa uta m'malere, asanakhudze nsambo.

Cha m'ma 11 koloko kunabuka vuto la click, kugunda kumene oimba amamva m'mahedifoni kuti asataye liwiro. M'malo achete aja, ka "tiki tiki" kanayamba kulowa m'maikolofoni. Amayi a chelo yoyamba, amene akhala m'ntchitoyi kuposa tonsefe, ndiwo anayamba kuzindikira.

"Achimwene, click yanuyo ndikuimva ndi khutu limene lilibe hedifoni. Tatsitsani."

"Tamva, amayi. Titsitse bwanji osakusokonezani?"

"Isintheni ikhale yogonthera. Yakuthwayo ndiyo imadutsa."

Anali kunena zoona. Tinadula mawu apamwamba a click, kuitsitsa m'ma bar achete, ndi kuzula mahedifoni awiri amene anali pansi osavalidwa koma akulirabe. Oimba zansambo ambiri amavala khutu limodzi kuti azimva chida chawo, ndiye mbali yotsalayo iyenera kuzimitsidwa kapena kutsamira pamutu.

Masana magetsi anathima. Jenereta sitiyatsa pojambula, kugunda kwake kumadutsa m'simenti n'kukwera m'miyendo ya maikolofoni, choncho tinasamukira pa mabatire. Atabwera magetsi, kunabwera ndi kang'ung'udza ka 50 Hz (kunjenjemera ka 50 pa sekondi), liwiro la magetsi a kuno. Tsoka lake, notsi imene besi yagwira pansi pa nyimbo yonse ndi G wapansi, 49 Hz. Ziwirizi zikakumana mawu amafufuma n'kuphwa kamodzi pa sekondi. Kudula 50 Hz pakompyuta sikungatheke, mudula ndi besi yomwe. Kumangofunika kusaka gwero, kuzula waya mmodzimmodzi. Linali chaja ya laputopu yolumikizidwa pa soketi ina, osati imene pali zida zonse. Titaizula kunati bata.

Kutentha kwa Okutobala nakonso. Makina oziziritsa amazimitsidwa pojambula, chipinda n'kutentha, nsambo n'kumatsika pang'onopang'ono. Zida za pakompyuta zili pa A 440, muyezo wochunira woika notsi A pa 440 Hz, ndipo sizisuntha, ndiye gulu limachuna mobwerezabwereza. Ndi bwino kutaya mphindi imodzi kusiyana ndi kukazindikira usiku kuti machelo ali pansi pa malipenga.

Kuti anthu 12 amveke ngati ochuluka, nyimbo imajambulidwa katatu n'kusanjikiza. Koma mukangobwereza chimodzimodzi mupeza mawu aphako, chifukwa zida ndi zomwezo, mtunda wofika pa maikolofoni ndi womwewo. Ulendo wachiwiri oimba anasinthana mipando. Wachitatu anavalika nsambo tozibanitsa mawu pakamlatho, maikolofoni n'kubwezedwa m'mbuyo mita imodzi. Gawo lokwera lija sitinalisanjikize, kutsetsereka kutatu kosiyana kumangosanduka phala.

Madzulo kunabwera mnyamata wa ku Mbare, mu Harare momwemu, ndi nyunga nyunga yake, mbira ya makiyi 15. Wopeka anafuna mawu a makina a m'chombomo, osati mbira yoti munthu aizindikire. Tinamata tepi pa zitsekerero za mabotolo zimene zimapanga phokoso lonjenjemera, mnyamatayo n'kuimba makiyi atatu okha, mmodzimmodzi, aliyense mpaka atafa yekha. Tinajambula pa 96 kHz kuti tikachedwetsa ndi theka, zimene zimatsitsa mawu octave imodzi, zapamwamba zisathe. Mbira sichunidwa motsata A 440, ndiye notsi iliyonse inayesedwa payokha. Imodzi tinaisiya dala ili pansi pang'ono, imakandana bwino ndi E flat wa mavayolini.

Pomaliza tinatulutsa mafayilo osiyana: zansambo zapamwamba, zapansi, malipenga, ng'oma, ndi mbira pamodzi ndi za pakompyuta, onse oyambira pa timecode imodzi, nambala yosonyeza nthawi ya pa kanema. Wosakaniza mawu a filimu azitha kutsitsa mavayolini okha pamene mayiyo akulankhula pa wailesi, poti mawu a munthu amamvekera kwambiri pakati pa 1 ndi 4 kHz, pamene uta wa pakamlatho umakonda kukhala. Tinamvetseranso pa foni, chifukwa ambiri adzaonera pamenepo. Besi ya 49 Hz inasoweratu, kasipika sikangaikwanitse, choncho mawa m'mawa chelo imodzi iwonjezera G yemweyo octave ziwiri pamwamba, 196 Hz, tisanayambe 4M1, nyimbo yoyamba m'gawo lachinayi.