Nsapato yanga inatsala m'dziwe la Gilbert

Apongozi anga atabwera ku London kudzaona mdzukulu, mayi akunyumba anandipatsa ntchito yowayendetsa Loweruka. Pofuna kuonetsa kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba, ndinati za Big Ben tisiyire alendo, ife tipite ku Grim's Dyke, chinyumba chomwe chili m'nkhalango ya Harrow Weald, kumpoto chakumadzulo kwa mzindawu. Ndinatchena suti yotuwa ndi nsapato zatsopano, zosongoka kutsogolo zija.

Nyumbayo ukaiona umagwira pakamwa: machumuni ataliatali a njerwa zofiira, madenga osongoka, mawindo a timagalasi ting'onoting'ono, komanso mitengo yakuda yoonekera pakhoma. Amayi anaiyang'ana kwa kanthawi n'kufunsa, "Bambo, kodi ndalama zinawathera? Kwathu ku Dedza nyumba yophoma ikaonetsa nthiti chonchi, mwini wake sayenda masana."

Ndinakonza kukhosi. "Amayi, ndi mmene ankamangira makedzana. Nyumbayi ili ndi zaka 500. Mfumu Henry VIII, ija ya akazi 6, inkagona m'chipinda icho." Ndinaloza windo lomwe linandisangalatsa.

Tsoka silinunkha. Pafupi nafe panali gogo wina wachizungu akuyendetsa galu, ndipo atamva dzina la Henry anaima. Ine ndinali nditaiwala kuti apongozi anaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma, Chingerezi chawo n'choposa changa. Anamupatsa moni, kenako anamufunsa ngati zoonadi mfumu inkagona pamenepo. Gogoyo anaseka mpaka galu anayamba kuuwa.

Anatifotokozera kuti nyumbayo inamangidwa kuyambira 1870 kufika 1872, pomwe ufumu wa banja la Tudor, lomwe Henry VIII uja ankachokera, unali utatha kalekale mu 1603. Anailemba pulani ndi Richard Norman Shaw, kumangira Frederick Goodall, katswiri wojambula zithunzi ndi penti. Ukalamba wonsewo ndi wochita kuupanga dala, chifukwa anthu andalama a nthawi ya Mfumukazi Victoria ankakonda nyumba yatsopano yooneka ngati ya agogo. Lero boma linaiika pamndandanda wa nyumba zotetezedwa, gulu la Grade II*, moti sungasinthe khoma popanda chilolezo. Mfumu yokhayo yomwe inakhalako pamalopo inali yamwala: chiboliboli cha Charles II chochokera ku Soho Square, chomwe anachibweza komweko mu 1938.

Amayi anandiyang'ana osanena kanthu. Kukhala chete kwa apongozi kumawawa kuposa mbama.

Chomwe chinawagwira mtima kwambiri ndi mbuzi. Goodall ankakonda kujambula za ku Egypt, ndiye atapitako anabwerako ndi nkhosa ndi mbuzi zakumeneko kuti aziziyang'ana pojambula. "Kuchokera ku Iguputo, wa Mose uja? Osadyako ngakhale imodzi pa Khirisimasi?" Gogoyo anati anazibweretsera kujambula basi. Amayi anapukusa mutu, chisoni chonse chili pa ndiwo.

Ine ndinkafuna kubweza ulemu. Gogoyo atatchula kuti mu 1890 nyumbayo anaigula W. S. Gilbert, wolemba zisudzo zoimba uja ankagwira ntchito ndi Arthur Sullivan, ndinalumphira nkhaniyo chifukwa iyi yokha ndinkaidziwadi. Gilbert anakumbitsa dziwe losambiramo, ndipo pa 29 Meyi 1911, ali ndi zaka 74, analumphiramo kuti apulumutse mtsikana yemwe ankamuphunzitsa kusambira. Mtsikanayo anapulumuka, koma mtima wa mkuluyo unaima ali m'madzimo. Gogoyo anavomera ndi mutu, ine mapewa anakwera. Ndinati, "Tiyeni Amayi, ndikakuonetseni malo ake enieni."

Dziwelo analiphwetsa mwini wake atamwalira, ndipo chomwe ndinaona pakati pa mitengo chinali chidikha chokutidwa ndi masamba ouma. Amayi anaima pamtunda n'kunena kuti, "Bambo, pamenepo ndi padambo." Ndinayankha kuti ku England kulibe madambo. Ndinatsika monyadira, dzanja lili m'mwamba kulongosola pomwe Gilbert anagwera, ndipo phazi lachitatu linangoti phwa! mpaka m'bondo. Poyesa kulizula, linzake linalowanso. Ndinakhala pansi mosafuna, ndipo kumbuyo kwa thalauza kunamveka kuti kwee!

Mwambo wathu mukuudziwa, mkamwini ndi apongozi amalankhulana motalikirana. Tsikulo mwambo unapita kutchuthi. Amayi anamasula chitenje chomwe anafunda pamwamba pa jekete, n'kundiponyera nsonga imodzi. Iwo ndi gogo uja anakoka, galu akuthamanga uku ndi uku kuyang'anira ntchito. Ndinatuluka ndi nsapato yakumanzere yokha. Yakumanja ndinaifufuza ndi kamtengo mpaka Amayi anati, "Isiyeni, boma laitetezanso imeneyo."

Nyumbayo pano ndi hotela, ndipo tsikulo kunali ukwati. Tinadutsa pafupi ndi akwati akujambulitsa pakapinga, ine nditamanga chitenje cha Mvano m'chiuno, sokosi imodzi ikulira matope. Mayi wina wa chipewa chachikulu anandiyamikira kuti chovala cha kwathu n'chokongola, n'kufunsa kuti timavala pa mwambo wanji. Ndisanatsegule pakamwa, apongozi anamuyankha m'Chingerezi chosalala bwino kuti ndi chovala cha akatswiri a mbiri yakale.